Mbiri ya Kuchiza Matenda a Shuga ndi Chakudya

Kwa zaka zoposa 200, madokotala akhala akugwiritsa ntchito chakudya ngati mankhwala a matenda a shuga, ndipo pa zaka 125 zoyambirira za nyengo imeneyi panalibenso chithandizo china chodalirika chimene wodwala akanalandira. Matenda a shuga amayamba pamene thupi likulephera kulowetsa shuga wa m'magazi m'minofu, momwe amayenera kusanduka mphamvu, kotero kuti shugayo amachulukana m'magazi, amatuluka ndi mkodzo, ndipo pakapita zaka amawononga maso, impso, mitsempha ndi mtima. Mbiri ya chithandizochi ikusonyeza kuti akatswiri anayamba ndi chikhulupiriro chakuti wodwala amapulumuka akamamanidwa chakudya, koma m'kupita kwa nthawi anazindikira kuti mtundu wa chakudya, muyeso wake ndi nthawi yodyera n'zimene zimathandiza, makamaka zitadziwika kuti njala yokakamiza imabala vuto lina la kudya mosadziletsa.

Asing'anga akale a ku India, monga Sushruta, analemba za nthenda imene mkodzo wa wodwala unkaitana nyerere, ndipo anaona kuti inkakonda kugwira anthu onenepa, okonda mpunga ndi zotsekemera, amene sankagwira ntchito yokhetsa thukuta. Ku Ulaya, Thomas Willis analemba m'chaka cha 1674 kuti mkodzo wa odwalawa ndi wotsekemera, ndipo m'chaka cha 1776 Matthew Dobson wa ku Liverpool anaika mkodzowo pa moto mpaka madzi onse ataphwa, n'kupeza kuti chotsalacho chinali shuga. Potsatira zimenezi, John Rollo, amene anali dokotala wa asilikali a ku Britain, anafalitsa m'chaka cha 1797 ndondomeko yoyamba yodziwika bwino ya zakudya za odwala shuga. Iye ankaganiza kuti gwero la nthendayi lili m'mimba, choncho analetsa zakudya zambiri za kumunda, n'kulamula kuti wodwala azidya nyama, mafuta ndi uwende. Ngakhale maganizo ake okhudza gwero la nthendayi anali olakwika, msilikali wonenepa amene anamuyeserapo ndondomekoyi anachepa thupi ndipo shuga anatha mumkodzo wake. Vuto limene linaonekera msanga, ndipo lakhala likubwerezedwa m'mbiri yonseyi, linali lakuti odwala ambiri sankatha kupirira chakudya chotere kwa nthawi yaitali.

Ganizo lochepetsa chakudya chonse, osati kungosintha mtundu wake, linalimba pa nthawi ya nkhondo. Asilikali a ku Germany atazinga mzinda wa Paris kuyambira mu 1870 mpaka kumayambiriro kwa 1871, chakudya chinasowa, ndipo dokotala Apollinaire Bouchardat anaona kuti shuga anachepa mumkodzo wa ena mwa odwala ake. Bouchardat ankalangiza kale odwala kuti azilimbitsa thupi ndiponso azidziyeza okha mkodzo, koma mfundo imene anzake anaigwiritsitsa inali yakuti wodwala azidya pang'ono monga angathere. Ku Naples, m'dziko la Italy, Arnaldo Cantani anafika potsekera odwala m'zipinda kuti asapeze chakudya choletsedwa. Umu ndi mmene wodwala shuga anayambira kuonedwa ngati munthu wofunika kulonderedwa, ndipo shuga akakwera mlandu unkagwera iye kuti wadya mobisa.

Njira yosala kudya inafika pachimake ku America, kumene Frederick Allen wa ku Rockefeller Institute mu New York anaikhazikitsa cha m'ma 1914, mothandizidwa ndi Elliott Joslin wa ku Boston. Pofika nthawi imeneyo zinali zitadziwika kuti nthendayi imakhudzana ndi kapamba, chifukwa mu 1889 Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa chiwalochi mwa galu ndipo galuyo anadwala shuga. Allen ankasalitsa wodwala kwa masiku angapo mpaka shuga atatheratu mumkodzo, kenako ankamuwonjezera chakudya pang'onopang'ono kufikira pa muyeso umene shugayo ankayamba kuonekanso. Ana ambiri anatalikitsa moyo wawo ndi miyezi kapena zaka zochepa mwa njirayi, koma anawonda mochititsa mantha, ndipo ena anamwalira ndi njala yeniyeniyo. Elizabeth Hughes, mwana wa nduna yoona za maubale a America ndi mayiko ena, ankalemera makilogalamu pafupifupi 20 okha pamene ankafika ku Toronto mu Ogasiti 1922 kukalandira insulini, ngakhale anali wa zaka 14, ndipo atalandira mankhwalawo anakhala ndi moyo mpaka 1981.

Insulini ndi michere imene kapamba amatulutsa kuti shuga azilowa m'minofu, ndipo Frederick Banting, Charles Best, John Macleod ndi James Collip ndiwo anaipeza ndi kuiyeretsa bwino ku Toronto pakati pa 1921 ndi 1922. Kubwera kwake kunathetsa njira ya Allen, komabe sikunachotse chakudya pa malo ake, popeza mu 1936 Harold Himsworth wa ku London anasonyeza kuti odwala shuga ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la anthu amene kapamba wawo satulutsa insulini, pamene lachiwiri, lomwe ndi lalikulu kwambiri, ndi la anthu amene insuliniyo ali nayo koma thupi lawo siliimvera mokwanira, kawirikawiri chifukwa cha kunenepa. Kwa gulu lachiwirili, limene lero limatchedwa matenda a shuga a mtundu wachiwiri, kadyedwe kanakhalabe maziko a chithandizo, ndipo mu 1950 mabungwe a zaumoyo a ku America anatulutsa mindandanda yothandiza wodwala kusinthanitsa zakudya zofanana mphamvu m'malo mongouzidwa zoletsedwa.

Umboni wa zimene njala imachita m'maganizo a munthu unachokera ku kafukufuku amene sankakhudza shuga n'komwe. Kuyambira mu 1944 mpaka 1945, Ancel Keys wa pa yunivesite ya Minnesota anasonkhanitsa anyamata athanzi 36, amene anakana kupita ku nkhondo chifukwa cha chikhulupiriro chawo, n'kuwapatsa pafupifupi theka la chakudya chawo cha masiku onse kwa masabata 24. Anyamatawo anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo, anayamba kulingalira za chakudya usana ndi usiku, ndipo ataloledwa kudya mwaufulu ena ankadya mpaka kudwala koma osamva kukhuta. Mu 1959, Albert Stunkard, dokotala wa matenda a maganizo, anafotokoza khalidwe lofananalo mwa ena mwa anthu onenepa, amene ankadya chakudya chambiri pa kanthawi kochepa akulephera kudziletsa, n'kumadzimva manyazi ndi kudziimba mlandu pambuyo pake. Vutoli linavomerezedwa ngati nthenda yapayokha mu 2013 m'buku la DSM-5, limene madokotala a maganizo a ku America amagwiritsa ntchito, ndipo muyeso wake ndi wakuti kudya koteroko kuzichitika kamodzi pa sabata kapena kuposa apo kwa miyezi itatu, popanda kudzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba.

Phunziro lokhudza mtundu wa chakudya linachokera ku Africa. Hugh Trowell, amene anagwira ntchito ku Kenya ndi ku Uganda kwa zaka pafupifupi 30, ndi mnzake Denis Burkitt, amene anali dokotala wa maopaleshoni ku Uganda, anaona kuti matenda a shuga ndi a mtima ankapezeka mwa apo ndi apo pakati pa anthu a kumidzi amene ankadya mbewu zosapuntha kwambiri, nyemba ndi masamba. M'zaka za m'ma 1970 iwo anafalitsa ganizo lakuti gaga ndi ulusi wa m'zomera, umene m'mimba simugaya, umachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi ndipo umapangitsa munthu kukhuta nthawi yaitali. Mu 1981, David Jenkins ndi anzake a ku Toronto anayeza zakudya zosiyanasiyana n'kupeza kuti nyemba ndi mphodza zimakweza shuga pang'onopang'ono poyerekeza ndi buledi kapena mbatata ya kachewere. Apa m'pamene pali maziko a malangizo amene odwala shuga amalandira m'zipatala za m'Malawi akuti azidya nsima ya mgaiwa m'malo mwa ya ufa woyera, popeza kukonola ndi kuviika chimanga kumachotsa gaga ndi mtima wa mbewuyo. Mgaiwa nawonso umakweza shuga mitanda ikachuluka, n'chifukwa chake malangizo omwewo amatsindika kuti ndiwo zamasamba ndi zanyemba zizitenga malo aakulu m'mbale.

Chidwi chinatembenukira ku kupewa pamene, mu 1979 ndi 1980, akatswiri a ku America ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO anazindikiritsa gulu la anthu amene shuga wawo ndi wokwera kuposa wa munthu wathanzi koma sanafike pa muyeso wa nthenda. Mkhalidwe umenewu, womwe masiku ano umatchedwa prediabetes, ndi chenjezo lakuti nthenda ili pafupi, ndipo malinga ndi WHO umapezeka pamene shuga wa munthu amene sanadye usiku wonse ali pakati pa 6.1 ndi 6.9 mmol/L, pamene kuyambira 7.0 kupita m'mwamba ndi nthenda yeniyeni. Kafukufuku amene anayamba mu 1986 mumzinda wa Da Qing ku China, pakati pa anthu 577, anasonyeza patatha zaka zisanu ndi chimodzi kuti kusintha kadyedwe ndi kulimbitsa thupi kumachepetsa chiwerengero cha ogwidwa ndi nthendayi. Zotsatira za ku Finland mu 2001 ndiponso za kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America mu 2002, amene anakhudza anthu 3,234, zinagwirizana pa mfundo yakuti kusintha kadyedwe ndi kulimbitsa thupi kunatsitsa chiopsezo ndi 58 peresenti, pamene mankhwala a metformin anachitsitsa ndi 31 peresenti. Zimene anthu a ku America aja anapemphedwa zinali zochepa poyerekeza ndi za m'nthawi ya Allen, chifukwa cholinga chinali kuchepetsa 7 peresenti ya kulemera kwa thupi ndi kuyenda ndawala kwa mphindi 150 pa sabata.

Kwa munthu amene ali ndi mavuto onse awiri, shuga wokwera ndi kudya mosadziletsa, njira imene inakhazikika yothana ndi kudya koteroko ndi imene Christopher Fairburn wa ku Oxford anaikonza kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Chiyambi chake si kuchepetsa chakudya ayi, koma kukhazikitsa nthawi yodyera, kuti munthu azidya katatu pa tsiku ndi kulawa kanthu kawiri kapena katatu pakati pake, osalola kuti padutse maola oposa anayi asanadye, chifukwa kudumpha chakudya cha m'mawa ndi chamasana n'kumene kawirikawiri kumabweretsa kudya kosalekeza madzulo. Wodwala amalemba zimene wadya ndi mmene mtima wake unalili pa nthawiyo, kuti azindikire ngati chomukankhira ku chakudya ndi njala, nkhawa, kukwiya kapena kusungulumwa, ndipo amaphunzitsidwa kusiya malamulo okhwima oletseratu zakudya zina, popeza lamulo lotere likaphwanyidwa pang'ono munthu amataya mtima n'kudya zonse. Njirayi payokha sichepetsa thupi kwenikweni, choncho kusintha kwa m'mbale, monga kusiya zakumwa zotsekemera, kuchepetsa zokazinga ndi kuwonjezera nyemba ndi masamba, kumabwera kadyedwe katakhazikika.

Zaka zonsezi zasonyeza kuti Rollo, Bouchardat ndi Allen sanalakwitse poona kuti chakudya chimalamulira shuga wa m'magazi, koma analakwitsa poganiza kuti munthu angathe kukhala ndi njala moyo wake wonse popanda thupi ndi maganizo ake kubwezera. Ndondomeko imene yapulumutsa anthu ambiri ku matenda a shuga a mtundu wachiwiri ndi imene wodwala amatha kuitsatira kwa zaka zambiri, ya zakudya zimene zimapezeka m'dera lake, zodyedwa pa nthawi yake ndi pa muyeso woyenera, pamodzi ndi kuyezetsa magazi kuchipatala.