Mivi ya wotchi imakumana kangati? Mbiri ya samu yomwe inandidyera mandasi

Loweruka lapitali titamaliza zokambirana za kalabu, mnzathu wina anaponya funso lomwe linatichedwetsa kupita kwathu. Akuti 12 koloko masana ikangodutsa, kufika 12 koloko usiku, muvi wautali wa wotchi umaupeza muvi waufupi kangati? Ambirife tinakuwa kuti ka 12. Ine ndiye ndinali patsogolo, mpaka kubetcha mandasi. Ndinaluza. Yankho ndi ka 11, ndipo chifukwa chowawidwa mtima ndinakafufuza komwe samu imeneyi inachokera.

Chomwe chinandidabwitsa n'choti funsoli ndi mwana wadzulodzuloli poyerekeza ndi wotchiyo. Mawotchi a makina anayamba ku Ulaya cha m'ma 1300, ndipo ambiri oyambawo analibe mivi n'komwe. Ku tchalitchi chachikulu cha Salisbury ku England kuli wotchi ya cha m'ma 1386 yopanda manambala, yopanda muvi. Ntchito yake inali kuliza belu ola likakwana, basi. Muvi utabwera unali umodzi wokha, wa maola. Nanga wa mphindi ukanathandiza chiyani pa wotchi yomwe inkasokonekera ndi mphindi ngati 15 pa tsiku?

Zinthu zinasintha mu 1656, pomwe Christiaan Huygens wa ku Netherlands anapanga wotchi yoyendera kachitsulo kolendewera, kopita uku ndi uku pa liwiro losasintha. Kulakwitsa kuja kunatsika kufika pa masekondi owerengeka pa tsiku, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 muvi wa mphindi unali utafala. Apa mpamene mivi iwiri inayamba kuthamangitsana.

Koma manambala omwe miviyi imayendapo ndi nkhalakale zenizeni. Anthu akale a ku Egypt ndiwo ankagawa usiku m'zigawo 12 poyang'ana nyenyezi, usana nawonso zigawo 12. Nayo 60 ya mphindi inachokera ku Babylon, kuja m'Baibulo timawerenga kuti Babulo, komwe masamu awo ankawerengera m'magulu a 60. Nambalayi ndi yabwino mtima: imagawika ndi 2, 3, 4, 5, 6, 10, 12, 15, 20 ndi 30 popanda chotsala. N'chifukwa chake theka la ola ndi kota wa ola sizitivuta.

Tsopano samu ija. Muvi wautali umazungulira madigiri 360 pa mphindi 60, ndiye kuti madigiri 6 pa mphindi. Waufupi sukhala chikhalire kudikira, ndipo apa mpomwe ambiri timagwera. Umayenda madigiri 30 pa ola, theka la digiri pa mphindi. Choncho wautali umaposa mnzake ndi madigiri 5.5 pa mphindi, ndipo kuti umupezenso uyenera kumuposa ndi madigiri 360 athunthu. Mukagawa 360 ndi 5.5 mupeza mphindi 65 ndi masekondi pafupifupi 27. Ikasiyana pa 12:00, imakumananso 1:05 itapitirira pang'ono, kenako cha m'ma 2:11, n'kumapita choncho. Ola lililonse kukumanako kumachedwerako, moti kwa m'ma 11 koloko kumakagwera pa 12:00 penipeni. Kukumana kwa nambala 12 komwe ndinabetchera kuja kunathera pamenepo.

Mwina samuyi ikanakhala ina. Mu 1793, nthawi ya kuukira boma la mfumu ku France, atsogoleri atsopano analamula kuti tsiku likhale ndi maola 10, ola mphindi 100, mphindi masekondi 100. Mawotchi otero anapangidwadi. Pa wotchi yotereyi muvi waufupi umazungulira kamodzi pa tsiku, wautali ka 10, ndiye imakumana ka 9 kokha, pomwe yathuyi imakumana ka 22. Anthu sanaizolowere, kusintha mawotchi onse kunalinso kodula, ndipo mu April 1795 lamulo lowakakamiza linaimitsidwa. Kunena zoona ine ndikanaikonda, kugawa ndi 10 sikutulutsa thukuta.

Ambirife nthawi timaonera pa foni, pomwe manambala amangosintha popanda muvi. Mng'ono wanga wa Sitandade 6 nditamuonetsa wotchi ya pakhoma anangoti kukamwa yasa. Inu muli ndi ang'ono anu kunyumba, ajambulireniko wotchi papepala, mayeso sadzawafunsa za foni.

Loweruka likubwerali ndikufuna mandasi anga abwerere. Pakati pa 4 koloko ndi 5 koloko, mivi imakumana nthawi yanji? Wonena kuti 4:20 abweretseretu ndalama.