Kuchokera pa GP Kufika pa RU

Kwathu ku Bolero, m'boma la Rumphi, mbiri ya maulendo a ku Joni imaoneka pa katundu amene apaulendo ankabwera naye. Agogo athu ankapita wapansi, miyezi ingapo ali m'njira, ndipo pobwera ankasenza sutikesi, jekete ndi chipewa. Atate athu a nthawi ya Wenela ankabwera ndi njinga, wailesi ndi makina osokera. Ife a masiku ano timafuna kubwera ndi galimoto. Ine ndinabwera nayo yanga mu 2016, Toyota yapikapu yokhala ndi nambala ya GP, ya chigawo cha Gauteng, nditagwira ntchito ku Johannesburg zaka zisanu ndi ziwiri.

Ndinkaganiza kuti ulendo watha nditawoloka Beitbridge, Nyamapanda ndi mlatho wa ku Tete. Ayi ndithu. Pachipata cha Mwanza ndinakumana ndi bungwe lotolera msonkho la MRA, lomwe linayamba ntchito yake mu 2000. Msonkho utalipidwa, panatsala kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, inshuwalansi, komanso kulembetsa ku Road Traffic. Anthu a ku Rumphi timapita ku Mzuzu pa zimenezi. Apa n'kuti dongosolo latsopano la pakompyuta la MalTIS litangokhazikitsidwa mu 2015, moti mwini galimoto ankayenera kuonekera yekha, kujambulidwa ndi kudinda zala. Chomaliza chinali COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Apa ndi pomwe mtima wanga unagwedezeka. Woyesa galimoto anaona magetsi, matayala, chiwongolero ndi hutala, zonse zinali bwino. Atafika pa mabuleki anapukusa mutu: paipi ya mafuta a mabuleki akumbuyo inali kudontha. Ndinatuluka nditakwiya, m'thumba mutatsala ndalama zochepa. M'tauni ndinakumana ndi dobadoba wina amene anandinong'oneza kuti akhoza kundipezera pepalalo galimoto osaionanso. Ndinamuuza kuti ndikaganize kaye.

Madzulo ake ndinawafotokozera asibweni, monga timatchulira amalume kwathu kuno. Iwo anali a Wenela. Anapulumuka chaka cha 1974, pomwe ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi opitirira 70, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Atandimvetsera anaseka pang'ono.

"Mphwanga, ife tisanatsike mumgodi ankativula malaya, kutiyeza pasikelo ndi kutipima pachifuwa. Wodwala ankabwezedwa. Tinkadandaula, koma mgodi sunkafunsa pepala. Iwe ukuganiza kuti Chiweta adzakufunsa pepala?"

Mawu amenewa ali ndi mbiri kumbuyo kwake. Rumphi ndi dziko la mapiri, ndipo misewu yake yakhala ikuyesa magalimoto kuyambira kale, Road Traffic isanabadwe. Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia pamwamba pa phiri la Khondowe mu 1894, panafunika msewu wochokera kunyanja. Cha m'ma 1905 msewu wa Gorodi unatha kulambulidwa ndi makasu ndi mapiki, kuchokera ku Chitimba, wokhala ndi makhota akuthwa pafupifupi 20. Woyendetsa amene anatsikapo Gorodi amadziwa kuti kumeneko buleki ndi moyo. Msewu waukulu wa M1 nawo umatsika chitunda cha Chiweta mokhotakhota kupita kunyanja, ndipo anthu a m'mbali mwake aona malole ndi mabasi ambiri atagona m'maphompho. Ngakhale polowa pa boma penipeni, munthu amadutsa pa mpata wa Njakwa, mtsinje wa South Rukuru ukukokoma pansi.

Chodabwitsa n'chakuti msewu womwewo wa Chiweta ndi umene wadzetsa magalimoto ambiri m'dziko muno. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000, magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan akhala akutsikira padoko la Dar es Salaam, kulowa pa Songwe, n'kukwera Chiweta ali ndi nambala zongodutsira za IT. Galimoto yomwe kale inali ya bwanamkubwa, mmishonale ndi mwini esiteti ya fodya, lero ili ndi mphunzitsi ndi mlimi wa khofi wa ku Phoka. Magalimoto achuluka, ambiri ndi okalamba, koma mapiri ndi omwe aja.

Sindinabwerere kwa dobadoba uja. Ndinagulitsa foni imene ndinabwera nayo, makanika anasintha paipi, ndipo patatha sabata galimoto inapambana. Ndinachotsa GP n'kumangirira RU, zilembo za kwathu.

Patapita miyezi itatu tinamva uthenga wa maliro ku Chitimba. Kumbuyo kwa pikapu kunakhala anthu asanu ndi anayi, amayi anga ali pomwepo, ndi matumba awiri a ufa. Mvula inali itagwa usiku. Pa khota lina la Chiweta tinapeza lole itaima pakati pa msewu, popanda chizindikiro chilichonse. Ndinaponda buleki mwamphamvu, galimoto inaima patatsala mapazi ochepa. Kumbuyo azimayi anasiya kuimba. Asibweni, amene anakhala pambali panga, sananene kanthu. Anangotambasula dzanja n'kugogoda kapepala ka COF kamene kanamatidwa pagalasi lakutsogolo.