Ndege Imene Inagwa ku Ulongwe mu 1987

Inu owerenga, tengani mapu ndi kacingwe. Nsonga imodzi muiike pa Chileka, pamene pali bwalo la ndege la Blantyre, ina muiike pa Lumbadzi, pa bwalo la ndege la Lilongwe. Mukakoka kacingweko mudzaona kuti kakudutsa pamwamba pa dziko lathu la Moçambique, ndipo pakati penipeni pa ulendowo pali Ulongwe, likulu la anansi athu a ku Angónia. Nkhani ya lero yagona pa kacingwe kameneka.

Lacisanu pa 6 Novembro 1987, ndege ya kampani ya Air Malawi inanyamuka ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Inali ndege yaing'ono ya mtundu wa Skyvan, ya mapiko owongoka ndi mainjini awiri, yooneka ngati bokosi. Munali anthu 10: apaulendo 8 ndi oyendetsa awiri. Itafika ca ku Ulongwe inaomberedwa ndi mfuti kucokera pansi, nigwa. Palibe anapulumuka. Boma la Malawi linadandaula kuti asirikali a Moçambique apha anthu wamba. Mbali yathu inayankha kuti ndegeyo inalowa mu mlengalenga mwa dziko lino popanda cilolezo.

Kodi msirikali angaombere bwanji ndege ya apaulendo? Kuti timvetse, tibwerere m'mbuyo caka cimodzi.

Mu 1986 nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo, imene kuno tinkati Matsanga, inali itafika poipa. Boma la ku Maputo linkanena kuti Renamo ikubisala ndi kudutsira m'Malawi, koma a Kamuzu Banda ankakana. Pa 11 Setembro 1986, a Samora Machel, a Kenneth Kaunda ndi a Robert Mugabe anapita ku Blantyre kukawacenjeza a Banda. Atabwerera ku Maputo, a Machel ananena poyera kuti angathe kutseka malire ndi kuika mizinga yoloza ku Malawi. Patangopita milungu yocepa Renamo inalanda matauni angapo a m'malire ku Zambézia ndi ku Tete, ndipo Ulongwe nayenso anathiridwa nkhondo caka cisanathe.

Pa 19 Outubro 1986 a Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, akucokera ku msonkhano ku Mbala, ku Zambia. Anthu 35 anafa pa ngoziyo. Ku Harare ndi ku Maputo anyamata okwiya anaphwanya maofesi a kazembe wa Malawi. A Pik Botha, nduna ya boma la azungu la South Africa, anathira mafuta pamoto ponena kuti m'zotsala za ndegeyo apezamo mapepala a ciwembu cofuna kugwetsa boma la a Banda. Tsono taganizani msirikali wa ku Ulongwe caka cotsatira. Tauni yake inalowedwapo kale ndi adani, mtsogoleri wake anafera m'ndege, ndipo tsiku lililonse akumva kuti Renamo imalandira zida kudzera m'ndege. Kwa munthu wotere, kulira kwa injini kumwamba sikunali kwa apaulendo ai. Izi sitikunena kuti ticotse mlandu wa magazi a anthu 10 aja, koma kuti tione mmene mantha amakokera cala pa mfuti.

Mbiri ya kugwa kwa ndegeyo itamveka, funso linali limodzi: kodi Malawi abwezera? Mantha amenewa sanali acibwana, pakuti zotere zinali zitacitikapo kufupi konkuno. Pa 3 Setembro 1978, ankhondo a ZIPRA a Joshua Nkomo anagwetsa ndege ya Air Rhodesia itangonyamuka ku Kariba. Mwa anthu 56, anapulumuka 8 okha. Zokambirana zamseri za a Nkomo ndi a Ian Smith zinathera pomwepo, ndipo mu Outubro caka comweco ndege za Rhodesia zinakaponya mabomba ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, n'kupha anthu mazanamazana. Pa 12 Fevereiro 1979 inagwetsedwanso ndege ina, anthu 59 nafa, kubwezerana n'kupitirira. Ndege imodzi ikhoza kuyatsa dziko lonse.

Ife a ku Macanga ndi ku Tsangano tinali ndi cifukwa cathucathu coopera. Nthawi imeneyo midzi yambiri inali mabwinja. Abale athu anali atathawira ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Lilongwe, ena ku Zambia, kumene msasa wa Ukwimi, m'boma la Petauke, unatsegulidwa caka comweco ca 1987. Ku Ntcheu ndi ku Dedza msewu waukulu ndiwo malire: tsidya lino Moçambique, tsidya ilo Malawi. Ambiri anangomanga zisakasa tsidya ilo la msewu, pakati pa acibale, n'kumabwera mozemba kudzakumba mbatata ndi kukolola cimanga. Nanga maiko awiriwa akanamenyana, anthu amenewa akanalowera kuti? Kumbuyo moto, kutsogolo moto. Mcere, sopo, cipatala, cigayo, sukulu ya ana, zonse zinali ku Malawi. Kutseka malire kokha, ngakhale popanda kulira mfuti, kukanapha anthu osawerengeka.

Koma nkhondo ija sinabwere. Cifukwa ciani?

Coyamba, njira yokambirana inali italambulidwa kale. A Joaquim Chissano, amene analowa m'malo mwa a Machel mu Novembro 1986, anasankha kunyengerera Malawi m'malo momuopseza. Mu Dezembro 1986 maiko awiriwa anasainirana pangano la citetezo, motero ngozi itagwa panali pokhalira pansi.

Caciwiri, aliyense ankafuna mnzake. Malawi alibe nyanja ya mcere, ndipo njanji zake za ku Beira ndi ku Nacala zinali zitadulidwa ndi nkhondo. Katundu ankazungulira kutali, ku Durban, pa mtengo woboola m'thumba, ndipo malole ambiri ankadutsa pa mlatho wa ku Tete moperekezedwa ndi asirikali a Zimbabwe. Mu 1987 momwemo asirikali a Malawi anali kale m'dziko lino, kulondera njanji ya ku Nacala limodzi ndi asirikali a boma lathu. Moçambique nayenso, wotopa ndi nkhondo ya m'nyumba, sakanatha kuutsa ina ya panja.

Cacitatu ndi cibale. Acewa ndi Angoni a mbali zonse ziwiri ndi amodzi: cinenero cimodzi, mafuko amodzi, maliro amodzi. A Phiri a ku Furancungo ndi a Phiri a ku Dedza akanaomberana m'dzina la yani?

Conco Malawi analira maliro ake, anadandaula, koma sanabwezere. Malire sanatsekedwe. Mu Julho 1988 a Chissano anakaceza ku Malawi, nalandiridwa ndi a Banda. Othawa nkhondo anapitirira kulowa, mpaka ciwerengero cao cinafika ca m'ma miliyoni imodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, anthu anayamba kubwerera, ndipo pofika masankho a Outubro 1994 ambiri anali atayambanso kulima minda yao.

Ambiri a ife amene tikuwerenga tsamba lino tinabadwira kapena kukulira ku Malawi m'zaka zimenezo. Ena tinaphunzira a e i o u pansi pa mtengo ku Ntcheu. Tili moyo lero cifukwa, mwa zina, anthu amene anali ndi cifukwa cokwiyira anaugwira mtima. Akulu anati nkhondo siimanga mudzi, ndipo mu Novembro 1987 mau amenewa anamveka.

Anthu 10 aja sanali pa nkhondo ndi munthu. Ankangopita ku Lilongwe, ndipo anafera m'dera lathu. Tiwakumbukire m'mapemphero pamodzi ndi akufa athu. Inu a m'makalasi a sukulu ya kwaca, funsani agogo ndi amalume: tsiku limenelo anali kuti, ndipo anamva ciani? Zimene akuuzeni mulembe, mutitumizire.