Kusamutsa miluza ya akavalo

Kusamutsa miluza ya akavalo ndi njira yoswetsera ziweto imene dokotala wa ziweto amachotsa mluza wa masiku ochepa m'chiberekero cha kavalo wamkazi mmodzi n'kukauika m'chiberekero cha wina, kuti wachiwiriyo ndiye anyamule bere, abereke ndi kuyamwitsa. Mwana wobadwayo amatengera mtundu wa mayi amene anapereka dzira ndi wa kavalo wamphongo, osati wa kavalo amene wamubereka. Bere la kavalo limatenga pafupifupi miyezi 11, choncho njirayi imathandiza kuti kavalo wamtengo wapatali apitirize kuchita mipikisano, kapena apereke ana angapo m'chaka chimodzi. Imathandizanso kavalo wokalamba amene amatenga bere koma sathanso kulisunga.

Masiku ano alimi ambiri sasunga okha akavalo olandira miluza. Amatumiza mluzawo ku mafamu akuluakulu amene amaweta akavalo aakazi ambirimbiri pa ntchito imeneyi yokha.

Mbiri

Munthu woyamba kusamutsa mluza wa nyama anali Walter Heape wa ku England, amene anachita zimenezi pa akalulu mu 1890. Pa akavalo, njirayi inayamba kutheka m'zaka za m'ma 1970, ku Japan ndi ku Cambridge.

Pa nthawiyo kunalibe madzi abwino osungiramo mluza pa ulendo wautali, ndipo akatswiri ankagwiritsa ntchito kalulu wamoyo. Ankaika miluza m'njira ya mazira ya kalulu wamkazi, n'kumanga njirayo kuti miluza isatuluke, kenako n'kunyamula kaluluyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, miluza ya nkhosa za mtundu wa Border Leicester inayenda motero pa ndege kuchoka ku Cambridge kupita ku South Africa, kumene nkhosa za mtundu wa Dorper zinabereka anawo. W. R. Allen ndi anzake a ku Poland anachita zomwezo ndi miluza ya akavalo: akalulu anayenda pa galimoto kuchoka ku Cambridge kukafika ku Kraków, ndipo ana a akavalo anabadwa kumeneko. Lipoti la ntchitoyi linatuluka mu 1976. Akalulu anapuma pa ntchito imeneyi ofufuza a ku Colorado State University atasonyeza, cha m'ma 1987, kuti mluza ukhoza kukhala ndi moyo maola 24 m'madzi apadera ozizira.

Kachotsedwe ka mluza

Tsiku limene dzira latuluka ndilo poyambira kuwerenga masiku onse. Dokotala amalidziwa pounika m'mimba mwa kavalo ndi makina tsiku ndi tsiku. Mluza umafika m'chiberekero pakatha masiku pafupifupi 6, ndipo kawirikawiri amauchotsa pa tsiku la 7 kapena la 8. Amalowetsa kapaipi m'chiberekero, kuthiramo madzi ofunda, ndi kuwatulutsanso kudzera pa kasefa. Mluzawo amaufufuza ndi maikulosikopu chifukwa nthawi zambiri sukwana n'komwe milimita imodzi.

Ng'ombe ikabayidwa mankhwala imatha kutulutsa mazira ambiri nthawi imodzi, koma thupi la kavalo silivomera bwino mankhwala otero. Pa nyengo iliyonse, imene imabwera pakatha masiku 21 kapena 22, pamapezeka mluza umodzi, mwinanso osapezeka. N'chifukwa chake kutaya mluza pa njira kumapweteka kwambiri mwini kavalo.

Kugwirizanitsa masiku

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Chiberekero cha kavalo wolandira chiyenera kukhala pa msinkhu wofanana ndi wa mluza. Amasankha kavalo amene dzira lake linatuluka tsiku limodzi la mwini mluza lisanatuluke, tsiku lomwelo, kapena mpaka masiku atatu pambuyo pake. Ambiri amakonda amene anachedwerako tsiku limodzi kapena awiri.

Motero famu yolandira iyenera kuuzidwa msanga, osadikira kuti mluza upezeke kaye. Imauzidwa kavalo akayamba kufuna wamphongo, imauzidwanso tsiku limene dzira latuluka, ndiponso tsiku lotsuka chiberekero, kaya mluza wapezeka kaya ayi. Mlimi amene ali ndi akavalo olandira awiri kapena atatu okha amadalira mankhwala kuti masiku agwirizane, ndipo nthawi zina zimakanika. Famu ya akavalo mazanamazana siivutika chotero, chifukwa tsiku lililonse pamakhala ena amene masiku awo akugwirizana ndi mluza umene ukubwera. Akavalo olandira amafunika athanzi, ofatsa, odziwa kuyamwitsa, ndiponso a thupi losacheperapo kwambiri poyerekeza ndi mwini mluza, popeza chiberekero chaching'ono chimabereka mwana wamng'ono.

Ulendo wa mluza

Mluza amautsuka, kuuika m'kabotolo ka madzi ousunga, ndi kuutsekera m'chotengera chimene chimauziziritsa pang'onopang'ono mpaka pa madigiri pafupifupi 5. Chotengera chodziwika kwambiri ndi Equitainer. Kuyambira pamenepo pamakhala maola 24 oti mluza ukhale utaikidwa mwa kavalo wolandira. Wotumiza amayenera kudziwiratu nthawi ya ndege kapena galimoto, amene akalandire katunduyo, ndiponso ngati tsikulo si Lamlungu kapena la tchuthi. Nthawi zina dokotala amasuntha tsiku lotsuka chiberekero, kuchoka pa la 7 kupita pa la 8, pofuna kungogwirizana ndi ulendo wa ndege. Patapita masiku anayi kapena kuposerapo, amaunika kavalo wolandirayo kuti aone ngati bere lakhazikika.

Mluza wouma ndi chisanu m'naitrojeni wamadzi, pa madigiri 196 pansi pa ziro, umasungika zaka zambiri ndipo sufuna liwiro lotere. Vuto ndi lakuti miluza ya akavalo ikakula kupitirira mamilimita 0.3 siipirira bwino kuumitsidwa, choncho yofuna kuumitsa amaichotsa msanga, cha pa tsiku la 6.

Kumene njirayi yafala

Njirayi ndi yofala ku United States, ku Brazil, ku Argentina, makamaka pa akavalo a masewera a polo, ndi ku Ulaya. Mabungwe olembetsa akavalo othamanga a mtundu wa Thoroughbred amaikana: mwana wobadwa mwa njira imeneyi salembedwa m'kaundula wawo. Yagwiritsidwanso ntchito pa nyama zakutchire. Mu 1984, ku Louisville Zoo ku United States, kavalo anabereka mwana wa mbidzi.

Ku Malawi

Akavalo ndi ochepa ku Malawi, ndipo amaoneka makamaka m'malo okopa alendo monga pa phiri la Zomba ndi ku Kande m'boma la Nkhata Bay. M'maboma ngati Mchinji ngolo zimakokedwa ndi ng'ombe ndi abulu. Zina mwa zimene zimavutitsa akavalo m'chigawo chino cha Africa ndi kaodzera wa ziweto wofalitsidwa ndi kashembe, komanso matenda otchedwa African horse sickness, amene amafala ndi touluka ting'onoting'ono toluma ndipo amapha akavalo ambiri osalandira katemera. Abulu ndi mbidzi zimapirira matendawa.

Mtunda pawokha si chopinga chachikulu. Ndege yochokera ku Johannesburg imafika ku Lilongwe pasanathe maola atatu, ndipo kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa tala. Chovuta ndi kukhala ndi gulu la akavalo olandira ndi dokotala wowaunika tsiku lililonse. Komanso miluza ndi umuna wa ziweto siziloledwa kudutsa malire, kaya pa bwalo la ndege la Kamuzu kaya pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto.

Njira yofananako imene alimi a ng'ombe zamkaka akuidziwa ndi yobereketsa ng'ombe ndi umuna wosungidwa m'naitrojeni wamadzi, ntchito imene likulu lake la boma lili ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Nayonso imayendera maola: ng'ombe imene yaoneka m'mawa kuti ikufuna nkhunzi iyenera kupatsidwa umuna madzulo a tsiku lomwelo, ndipo mlangizi akachedwa mlimi amadikira masiku ena 21.