CORS: momwe masamba a pa intaneti amapemphera chilolezo chotengerana uthenga

CORS ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Cross-Origin Resource Sharing. Ili ndi dongosolo lomwe browser, monga Chrome, Firefox kapena Safari, imatsata pofuna kudziwa ngati tsamba lomwe munthu watsegula lili ndi chilolezo chowerenga uthenga wosungidwa pa keyala ina ya pa intaneti. Ambiri sanalimvepo dzinali, koma dongosololi limagwira ntchito mwakachetechete nthawi zonse pamene kapulogalamu ka JavaScript ka m'tsamba limodzi kakukatenga zinthu ku seva ya tsamba lina, kaya ndi mitengo ya ndalama zakunja, mapu kapena chiwerengero cha odwala malungo.

Chitsanzo chapafupi chili m'ntchito zaumoyo. Malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera kuchipatala cha Mishoni ya Mua ndi zipatala zing'onozing'ono za ku Mtakataka ndi Golomoti, m'dera la Inkosi Kachindamoto m'boma la Dedza, amakathera m'pulogalamu ya DHIS2. Pulogalamuyi idapangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo ya ku Norway, ndipo Unduna wa Zaumoyo wakhala ukuigwiritsa ntchito kuyambira chaka cha 2012. Imapezeka pa keyala ya dhis2.health.gov.mw, pomwe kaundula wa zipatala za m'dziko muno ali pa zipatala.health.gov.mw. Kwa munthu woona ndi maso, zonsezi ndi za nyumba imodzi. Kwa browser, ndi makomo awiri osiyana kotheratu.

Gwero ndi lamulo lake

Browser imazindikira tsamba potengera gwero lake, lomwe lili ndi magawo atatu: njira yolumikizirana, http kapena https, dzina lonse la seva, komanso nambala ya port, yomwe nthawi zambiri siioneka pa keyala chifukwa imakhala 80 pa http ndi 443 pa https. Gawo limodzi likasiyana, gwero lasiyana. N'chifukwa chake maina awiri aja, ngakhale onse akuthera ndi health.gov.mw, sawerengedwa ngati amodzi.

Lamulo loti tsamba liziwerenga uthenga wa gwero lake lokha ndi lakale ndithu. Lidayamba ndi kampani ya Netscape patangopita nthawi yochepa kuchokera pomwe Brendan Eich adapanga JavaScript mu 1995. Chifukwa chake chimamveka bwino tikayerekeza mlembi wa pachipatala yemwe walowa mu DHIS2 ndi dzina komanso mawu ake achinsinsi. Seva imapatsa browser yake kachizindikiro kotchedwa cookie kuti isamamufunse mawu achinsinsiwo pa tsamba lililonse. Mlembiyo, pa nthawi ya nkhomaliro, atsegula tsamba lina kuti aone zotsatira za mpira. Pakanapanda lamuloli, kapulogalamu kobisika m'tsamba la mpiralo kakanatha kutuma browser kukapempha uthenga ku DHIS2 m'dzina la mlembi uja, n'kuwerenga yankho, n'kulitumiza kwa mwini wake kutali, mlembi asakudziwa kanthu.

Tsono lamuloli siliretsa zonse. Tsamba likhoza kuonetsa chithunzi cha ku gwero lina, kuyendetsa JavaScript yochokera kwina, ngakhalenso kutumiza fomu. Chomwe chimaletsedwa makamaka ndi kuwerenga yankho.

Njira zolambalala, kenako njira yeniyeni

Vuto lidakula pamene masamba adayamba kutenga uthenga popanda kutsegulidwanso. Microsoft idabweretsa luso limeneli mu Internet Explorer 5 mu 1999, ndipo mu February 2005 Jesse James Garrett adalipatsa dzina loti Ajax. Opanga mapulogalamu adapeza kuti lamulo lomwe limateteza anthu likutsekanso mapulogalamu a mwini mmodzi omwe amafunika kulankhulana. Adayamba kulambalala. Njira yotchuka idali JSONP, yomwe Bob Ippolito adaifotokoza mu December 2005: uthenga umakulungidwa ngati kapulogalamu, popeza browser siiletsa kapulogalamu kochokera kwina. Njirayi idathandiza, koma idali ngati kupatsa mlendo makiyi a nyumba yonse kuti akusiyireni kalata patebulo, chifukwa chilichonse chomwe seva inayo yatumiza chimayenda ndi mphamvu zonse za tsamba lanu.

Maganizo omwe adabala CORS adachokera kwa akatswiri a kampani ya Tellme Networks mu 2004, ndipo bungwe la W3C lidavomereza dongosololi mu January 2014. Lero malamulo ake amasungidwa m'chikalata cha Fetch cha bungwe la WHATWG.

Momwe limagwirira ntchito

Tiyerekeze kuti bungwe lina lothandiza zaumoyo lapanga tsamba loonetsa momwe malungo akuyendera m'madera a kumunsi kwa phiri la Khwekhwelere, ndipo tsambalo likufuna kutenga manambala mu DHIS2. Browser potumiza pempho imamatapo mzere wotchedwa Origin, womwe umanena komwe pempholo lachokera. Kapulogalamu ka m'tsamba sikangasinthe mzerewu. Seva ikavomera, imayankha ndi mzere wa Access-Control-Allow-Origin wokhala ndi gwero la wopemphayo. Mzerewu ukasowa, kapena ukatchula gwero lina, browser imabisa yankho, ngakhale litafika kale m'kompyuta.

Izi ndi za mapempho wamba, monga GET. Pempho likakhala lotha kusintha kapena kufufuta zinthu, monga PUT ndi DELETE, kapena lili ndi mzere wa Authorization, kapenanso likunyamula uthenga wa mtundu wa application/json, browser imayamba yachita odi. Imatumiza kapempho kotsogola ka OPTIONS, komwe akatswiri amakatcha preflight, kufunsa ngati gwero lakuti lingabwere ndi pempho lakuti. Eni khomo akayankha kuti lowani, pempho lenileni limatsatira. Akakhala chete kapena akakana, silinyamuka n'komwe.

Odi ameneyu ali ndi mtengo wake. Ndi ulendo wina wopita ndi kubwera pakati pa kompyuta ndi seva, zomwe munthu wa mu ofesi ku Lilongwe sangazizindikire, koma wogwira ntchito kumudzi komwe netiweki ya foni imadukaduka amazimva, makamaka tsamba likakhala ndi mapempho ochuluka. Mankhwala ake ndi mzere wa Access-Control-Max-Age, womwe umauza browser nthawi yosungira chilolezo. Seva ikapanda kuutchula, chilolezo chimangokhala masekondi 5. Chrome imalola mpaka maola 2, Firefox maola 24. Wopanga tsamba loti likagwire ntchito ku Mtakataka sayenera kuiwala mzere umenewu.

Pomwe ambiri amaterereka

Seva ikhoza kuyankha ndi chizindikiro cha nyenyezi, *, kutanthauza kuti gwero lililonse ndi lololedwa. Izi n'zoyenera pa uthenga wa aliyense, monga mndandanda wa maina a zipatala ndi maboma omwe zili. Koma browser siilola nyenyezi pa pempho lonyamula cookie. Pamenepo seva iyenera kutchula gwero lenileni ndi kuonjezera mzere wa Access-Control-Allow-Credentials.

Apa ndiye pamene wopanga mapulogalamu wotopa amachita cholakwa choopsa. Poona kuti nyenyezi yakanidwa, amakonza seva kuti izingobweza gwero lililonse lomwe lafika, kenako n'kuvomereza cookie. Uthenga wofiira wa cholakwika umachokadi pa sikirini, koma chitetezo chonse chimachokera pomwepo, ndipo tsamba la mpira lija limapezanso mpata wake. DHIS2 ili ndi malo m'gawo la zoikamo pomwe woyang'anira amalemba mndandanda wa magwero ololedwa. Mndandanda wotere umayenera kukhala waufupi, wa https yekha, ndipo gwero la ntchito yomwe idatha lizichotsedwa msanga, chifukwa keyala yosiyidwa ikhoza kugulidwa ndi munthu wina.

Mfundo ina yomwe imasokoneza ndi yakuti CORS si loko wa seva. Lamuloli amalitsata ndi browser yokha, pofuna kuteteza munthu yemwe akuigwiritsa ntchito. Pulogalamu ya pa foni, monga DHIS2 Capture ya Android, siilitsata. Maseva akamalankhulana okhaokha salitsatanso: OpenLMIS, yomwe dziko lino lidayamba kugwiritsa ntchito mu 2017 powerengera mankhwala, singafunike CORS kuti itumize manambala ku seva ina, ndipo zida monga OpenHIM ya bungwe la Jembi Health Systems la ku South Africa zidapangidwira kulumikiza kotereku. Choncho uthenga wa odwala umatetezedwa ndi mawu achinsinsi, zizindikiro zolowera ndi malire a zomwe aliyense waloledwa kuona. Lamulo loteteza uthenga wa anthu la Data Protection Act la 2024, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limaika udindowu pa yemwe akusunga uthengawo.

Munthu wamba akakumana ndi vuto la CORS amangoona gawo la tsamba lili lopanda kanthu kapena kachizindikiro kakungozungulira. Chifukwa chake chenicheni chimalembedwa mu Console ya browser, yomwe pa Chrome ndi Firefox za pa kompyuta imatseguka podina F12. Kuzimitsa kompyuta kapena kugula bandulo ina sikuthandiza, ndipo timapulogalamu toonjezera tozimitsa lamuloli sitiyenera kuikidwa pa kompyuta ya chipatala. Yemwe angakonze ndi woyang'anira seva yomwe ili ndi uthenga, ndipo adzafuna kudziwa zinthu ziwiri: keyala ya tsamba lopempha ndi mawu omwe alembedwa mu Console.