Taizong sanali wa banja la Tang

Pofotokoza mbiri yakale ya China m'Chichewa, olemba ambiri amakonda mawu akuti "Mfumu Taizong ya banja la Tang". Amakoma m'khutu, koma ndi okhota, ndipo akafika m'buku la sukulu adzavuta kuwongola.

Tang silinali banja. Linali dzina la ufumu umene unayamba mu 618 n'kutha mu 907, likulu lake ku Chang'an, kumene lero kuli mzinda wa Xi'an. Eni mpandowo anali a Li. Ufumu wa Song, wa mu 960 mpaka 1279, eni ake anali a Zhao. Tizinena "ufumu wa Tang", ndipo tikafuna eni ake tizinena "a banja la Li". Tisaiwalenso kuti ku China dzina la banja limatsogola. Li Shimin, yemwe ndi Taizong uja, tikafuna kumulemekeza ndi "a Li", osati "a Shimin".

Nanga Taizong? Mwini wakeyo sanalimvepo dzinali. Li Shimin analamulira kuyambira mu 626 mpaka mu 649, ndipo la Taizong anapatsidwa atamwalira, kuti azimutchulira m'kachisi wa makolo popereka nsembe. Si iye yekha amene analandira: ufumu wa Song unalinso ndi Taizong wake, amene anakhala pampando mu 976. Wolemba akangoti "Taizong" n'kusiyira pomwepo, wowerenga sadziwa kuti akunena uti. Aziti "Taizong wa ufumu wa Tang". Wolemba sewero ndiye asamale kwambiri. Nduna kugwada n'kunena kuti "Zikomo a Taizong" ndiye kuti ikuuza mfumu yamoyo kuti inafa kale.

Kunena kuti "a Shimin" kukanakhala koipa koposa. Dzina lobadwa nalo la mfumu linali loletsedwa kulitchula ngakhale kulilemba. Li Shimin atamwalira, unduna woona za kalembera wa anthu ndi misonkho, umene unkatchedwa Minbu, unasinthidwa kukhala Hubu, pofuna kupewa kachidutswa ka "min" kokhako. Mwambowu unkakhudzanso dzina la bambo wa munthu aliyense. Mlakatuli Li He anatsekeredwa mayeso apamwamba olowera ntchito za boma, otchedwa jinshi, chifukwa bambo ake anali Jinsu, ndipo anthu ena anati "jin" wa mayesowo akumveka ngati wa m'dzina la bamboyo. Han Yu, katswiri wolemba wa nthawiyo, analemba nkhani yomuikira kumbuyo, koma sizinaphule kanthu. Li He anamwalira asanafike zaka 30, atangogwirako kantchito kotsika. Kwa ife izi si zachilendo kwenikweni. Mkamwini waulemu satchula apongozi ake dzina. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mwambowo unafika mpaka m'maofesi a boma ndi m'chipinda cholembera mayeso.

Patsala Wu Zetian, amene ambiri amangomulemba kuti "mfumukazi". Mawuwa timawagwiritsa ntchito pa mkazi wa mfumu komanso pa mkazi wolamulira yekha, ndipo pa mayi ameneyu amabisa nkhani yonse. Mu 655 iye anakhala mkazi wamkulu wa Mfumu Gaozong ya ufumu wa Tang. Mu 690 anatenga udindo wa huangdi, womwe uja ankatenga amuna, nasintha dzina la ufumu kukhala Zhou, ndipo anakhala pampando mpaka mu 705. Palibe mkazi wina m'mbiri ya China anachitapo zimenezo. Ine ndimaona kuti zaka zoyambazo tizimutcha "mkazi wamkulu wa mfumu", koma kuyambira mu 690 ndi "Mfumu Wu" basi. Mawu akuti mfumu sasankha mwamuna kapena mkazi, ndipo amene akufuna kutsindika angathe kuwonjezera kuti inali mfumu yachikazi.