Cimene Plaatje Anaphunzira kwa Shakespeare

Solomon Plaatje, Mtswana wa ku South Africa wobadwa mu 1876, anangophunzira makalasi oyamba okha pa mishoni ya Pniel. Ali mnyamata wopereka makalata m'mzinda wa Kimberley, anakaonerera sewero la Hamlet, lolembedwa ndi William Shakespeare, Mngelezi amene anamwalira mu 1616. Kuyambira pamenepo sanalekane nao masewerowo, ndipo ena anawamasulira m'Citswana. The Comedy of Errors inasindikizidwa mu 1930, ndipo Julius Caesar mu 1937, iye atafa kale mu 1932.

Cipatso cacikulu ca kuwerenga kwace ndico Mhudi, buku la nthano yaitali limene analemba m'Cingelezi ca m'ma 1920, nilisindikizidwa ku Lovedale mu 1930. Likamba za nkhondo za Mzilikazi, mfumu ya Amandebele, amene asilikali ace anapasula Kunana, mudzi waukulu wa Abarolong, mtundu wa Plaatje yemweyo.

Pano mpamene dzanja la Shakespeare lioneka. Kukanakhala kwapafupi kwa Plaatje kulemba mdani wa makolo ace monga cirombo cabe. Koma m'masewero aja anaona mafumu onga Lear ndi Macbeth, amene agwetsedwa ndi mtima wao womwe, komabe woonerera awamvera cisoni. Momwemonso Mzilikazi wa m'bukuli ndiye munthu ndithu. Akonda mkazi wace Umnandi, amtaya cifukwa ca nsanje ya mkazi mnzace, ndipo atagonja alira nazindikira kulakwa kwace. Monga nyenyezi ya mcira ichulidwa mu Julius Caesar kuti ilosa imfa ya akulu, momwemo m'Mhudi iwalira pa ufumu umene uli pafupi kugwa.

Komatu Plaatje sanabwereke zonse. Miyambi, nyimbo ndi mbiri anazitenga kwa akuluakulu a kwao, ndipo pakati pa nkhani anaika mkazi wamba wolimba mtima, Mhudi mwini. Mfumu yogonja ija ndiyo imene icenjeza kuti Mabunu, amene anathandizana ndi Abarolong, adzawalanda dziko. Owerenga ace anali ataziona kale zimenezi m'lamulo la malo la 1913.

Anzanga aphunzitsi, pophunzitsa mbiri ya nkhondo za mitundu yathu m'kalasi momwe muli adzukulu a ogonjetsa ndi a ogonjetsedwa, tikumbukire munthu uyu amene analemba za mdani wace mwacilungamo.